Chimbale cha agogo chomwe chinatiopsa tili ana

Akonzi,

Ndiloleni ndilembeko za nyimbo zakale. Mwezi wathawu tikukonza mnyumba kuno ku Highfield ndinatsegula sutikesi ya malemu agogo athu aamuna, amene anabwera ku Harare kuchokera ku Dedza nkumagwira ntchito yophika kwa azungu ena ku Avondale, nde pansi pa majekete ndinapeza chimbale chomwe bwana wawo anawasiyira pochoka mu 1980. Ndi In the Court of the Crimson King, chimbale choyamba cha gulu la ku London la King Crimson, cha 1969.

Pachikutopo pali chinkhope chofiira chotsegula kukamwa mpaka kuoneka kummero, ife tili ana tinkachithawa ngati taona gule, agogo aakazi ankati ndi chiwanda amwene. Anachijambula ndi Barry Godber, ndipo anamwalira mu 1970, chimbalecho chitangotuluka kumene.

Ndinabwereka galamafoni kwa aneba, singano yakutha koma inalira. Nyimbo zilimo 5 zokha koma iliyonse ngati ulendo wa pa kombi kupita ku Chitungwiza! Gitala ya Robert Fripp, kuyimba kwa Greg Lake, komanso mellotron, chida chooneka ngati limba koma mkati muli matepi, ukadina chimalira ngati mavayolini ambirimbiri. Mbali yachiwiri muli poti amangogogodagogoda pang'onopang'ono, apo nde ndinatopa, sindinama.

Pempho langa kwa a mawayilesi kumudziko, tipatseniko ngakhale ola limodzi Lamlungu usiku la nyimbo zazitali chonchi, ife timamvera pa intaneti.

Wowerenga wanu,
Highfield, Harare