Kalata kwa mnzanga wa ku Johannesburg, pa za maganizo amene akumulemera

Nkhotakota

Achimwene,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli moyo. Kuno tonse tili bwino, ndipo mayi anu ali ndi mphamvu ndithu. Ndasankha kulemba m'malo moimba foni chifukwa nkhani imene ndili nayo ikufunika kuti muiwerenge mofatsa, pa nthawi imene mtima wanu wakhazikika.

Chithereni ntchito yanu, mauthenga amene mumanditumizira pa WhatsApp asintha kwambiri. Mawu amene akubwerezedwabwerezedwa ndi akuti ndinu wolephera, kuti chilichonse chimene mwagwira chimawonongeka, ndiponso kuti kumudzi kuno aliyense akukusekani. Mwanenanso kuti tulo simukuona, chakudya sichikukukomerani, ndipo anzanu akakuitanani kumpira mumadzitsekera m'chipinda. Ine sindine dokotala, koma zimenezi zikaphatikizana ndi kupitirira milungu iwiri, akuchipatala amaziona ngati zizindikiro za matenda okhumudwa, ndipo sindingakhale chete ngati kuti sindikuziona.

Dokotala wina wa matenda a maganizo wa ku America, Aaron Beck, wa pa yunivesite ya Pennsylvania, anamvetsera odwala ambiri otere m'zaka za m'ma 1960. Iye anapeza kuti m'mutu mwa munthu wokhumudwa mumabwera maganizo osaitanidwa, othamanga, amene mwini wake amawalandira ngati choonadi asanawafufuze n'komwe, ndipo kawirikawiri amakhudza zinthu zitatu: munthuyo amadziona wopanda pake, amaona kuti dziko lamutembenukira, ndipo amaona kuti kutsogolo kulibe chabwino. Nditawerenganso mauthenga anu, zonse zitatu ndazipezamo. Chimene chinandilimbitsa mtima n'chakuti maganizo amenewa ali ndi njira zake zodziwika zimene amadzera mwa anthu a mitundu yonse, kutanthauza kuti sakunena za inu nokha ayi, koma akusonyeza mmene matendawo amalankhulira.

Taonani mawu oti "chilichonse", "aliyense" ndi "nthawi zonse". Ntchito imodzi yatha, zimenezo n'zoona ndipo n'zowawa, makamaka kwa munthu amene ali kudziko la eni ndipo lendi ikumudikira mwezi ukatha. Koma kuchoka pa ntchito imodzi kufika pa "chilichonse chimene ndagwira chimawonongeka" pali mtunda wautali umene maganizo adumpha inu osazindikira. Malata amene ali pa nyumba ya mayi anu anagula ndani? Mlongo wanu anamaliza sekondale ndi fizi yochokera kuti? Ndikudziwa kale yankho limene mungandipatse, lakuti zimenezo n'zazing'ono ndipo wina aliyense akanatha kuzichita. Kuyankha koteroko nakonso ndi mbali ya vuto lomweli, chifukwa munthu wokhumudwa amachepetsa chabwino chilichonse chimene anachita, pamene cholakwa chimodzi amachikuza mpaka chiphimbe zaka zonse zimene anagwira ntchito mokhulupirika.

Palinso chizolowezi choganizira anthu ena zimene iwo sananene. Munandiuza kuti akulu anu sanayankhe uthenga wanu, choncho akukunyozani chifukwa mwasiya kutumiza ndalama. Kodi umboni wake uli kuti? Inu mukudziwa mmene zimakhalira kuno nyengo yokolola mpunga, pamene munthu amachoka m'mamawa kupita kudambo n'kubwerako dzuwa litalowa, foni ilibe moto, ndalama ya bandulo palibe. Sindikunena kuti ndikudziwa za mumtima mwawo. Ndikunena kuti inunso simukuzidziwa, koma mwa zifukwa zonse zimene zikanatheka, mtima wanu wasankha chimene chikukupwetekani kwambiri. N'chimodzimodzinso ndi mawu anu akuti simudzapezanso ntchito, pakuti za mawa palibe amene anazionapo.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi mmene maganizowa ndi matendawa amadyetserana. Munthu akakhulupirira kuti anzake akumuseka, amawapewa. Akawapewa, amatsala yekha m'chipinda ndi maganizo omwewo, n'kumawatembenuza usiku wonse popanda kufika pa chisankho chilichonse. Kukacha amadzuka wotopa, sangathe kupita kokafuna ganyu, ndipo kulephera kumeneko kumasanduka umboni watsopano wakuti iye ndi wachabechabe. Ena amafika pothawira ku mowa kuti apeze tulo, koma mowa umasokoneza tulo ndipo umazamitsa kukhumudwako. Sikuti maganizo okha ndiwo amayambitsa matendawa, pakuti kutha kwa ntchito, ngongole, kukhala kutali ndi abale, matenda ena a m'thupi ngakhalenso chibadwa cha ku mtundu zimathandizira. Koma maganizo ndiwo malo amodzi pamene munthu angathe kugwira kuti aimitse kuzungulira kumeneku.

Pabwalo la amfumu mlandu sagamula atangomva wodandaula yekha, koma amaitana mboni ndi kumva mbali zonse. Inu mwalola ganizo limodzi kukhala wodandaula, mboni ndi woweruza pa nthawi imodzi. Ndikukupemphani kuti mugule kope, ndipo ganizo lopweteka likabwera, mulembe chimene chachitika, kenaka mawu enieni amene abwera m'mutu, kenaka umboni wovomereza ndi umboni wotsutsa. Pomaliza mudzifunse kuti, ine ndikanabwera kwa inu ndi vuto lomweli, mukanandiuza chiyani? Ndikukudziwani bwino, simukananditcha wolephera. Cholinga sikudzinamiza kuti zonse zili bwino pamene sizili bwino, koma kufika pa mawu oona, monga akuti "ntchito yatha, ndili pa mavuto a ndalama, ndipo ndinapezapo ntchito kale m'dziko lomweli". Poyamba zidzaoneka ngati zopanda phindu, koma mupitirize, ndipo tsiku lililonse muchite kanthu kamodzi kokutulutsani panja ngakhale mtima usakufuna, chifukwa pa matendawa chilakolako chochita zinthu chimabwera pambuyo pa kuchita.

Kope lokha silikwanira, achimwene. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linawerengera kuti mu 2019 anthu pafupifupi 280 miliyoni anali ndi matenda okhumudwa, ndipo ndi matenda ochizika, osati ulesi, kuchepa kwa chikhulupiriro kapena kulodzedwa. Pitani kukiliniki imene muli nayo pafupi mukafotokoze zonse monga mwandifotokozera ine. Alipo mankhwala, monga fluoxetine ndi amitriptyline, amene amatenga milungu ingapo asanayambe kusonyeza mphamvu, ndipo sayenera kusiyidwa popanda kufunsa adokotala. Uliponso uphungu wa kukambirana. Ku Harare, dokotala Dixon Chibanda anaphunzitsa agogo aakazi kukhala pa benchi pafupi ndi chipatala ndi kuthandiza anthu kusanthula mavuto awo limodzi ndi limodzi, ndipo kafukufuku amene anafalitsidwa mu 2016 anasonyeza kuti anthu ambiri anapeza bwino. Kumeneko ku South Africa kulinso bungwe la SADAG, lothandiza anthu odwala matenda okhumudwa ndi a nkhawa, limene lili ndi nambala zaulere zoimbapo munthu akathedwa nzeru.

Funso lotsatirali ndikulifunsa mosabisa chifukwa amuna ambiri kwathu kuno tawataya atakhala chete ndi mavuto a ngongole ndi a m'banja. Kodi ganizo lodzipha linakufikiranipo? Ngati linakufikirani, musalisunge nokha ngakhale usiku umodzi. Uzani munthu amene mumakhala naye, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo mundiimbire nthawi ina iliyonse, ngakhale pakati pa usiku.

Ndidzakuimbirani Lamulungu madzulo tikaweruka kutchalitchi, ndipo ndidzafuna kumva ngati mwapita kukiliniki. Za kalatayi sindinauze munthu wina aliyense, ndipo sindidzauza mayi anu pokhapokha inu mutandilola. A kunyumba kuno akupereka moni.

Ndine mnzanu wa ku Linga.