Inu a kampani ya sola, batire ya sola munaichotseranji pa mawerengedwe anu a mu kompyuta osandiuza zotsatira zake?

Ndalemba pano poyera chifukwa ku WhatsApp mukungowerenga osayankha, ndikaimba foni mukuti abwana ali mu miting'i, sabata yachitatu ino. Dzina lanu sinditchula koma mukudzidziwa, ndinu amene munaika mapanelo 10 padenga la shedi yanga ya nsomba kufupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi ku Mangochi kuno.

Tsiku loyamba mnyamata wanu anakhala pa benchi ndi laputopu n'kundifunsa kuti mafiriji ndi angati, ndinati atatu, a chambo ndi kampango wa ma oda a ku Blantyre. Ndinamuuza kawiri konse kuti achimwene ine bilu sindikudandaula nayo kwenikweni, chondiwawa n'choti magetsi akathima nsomba zimasungunuka. Iye anatayipatayipa kenako n'kundionetsa lipoti la ma girafu, akuti kompyuta yawerengera chaka chonse, batire ingokudyerani ndalama bambo, dzuwa la Mangochi ndi lokwana, masana mafiriji aziyendera dzuwa ndipo usiku azikhala atazizira kale. Ine ndinakhulupirira, ndinalipira zonse.

Mwezi wa October magetsi anathima cha m'ma 9 m'mawa, dzuwa likuswa mtengo, mapanelo ali phee padenga, koma inveta, kachipangizo kosintha moto wa mapanelo kuti mafiriji augwiritse ntchito, inangoyatsa kagetsi kofiira n'kuzima, mafiriji onse atatu zii. Pofika madzulo madzi anali atayamba kuyenderera pansi pa firiji yaikulu ija, chambo ukachidina chala chikulowa, maso atachita mbuu. Ine ndi mayi a kunyumba tinachezera usiku wonse kung'amba ndi kuwamba nsomba kuti tipulumutseko zina, utsi uli m'maso, ndipo oda ya ku Blantyre inapita kwa wina, kasitomala amene ndakhala naye zaka zambiri.

Chimene chinachitika ndachidziwa mwana wa achemwali anga atabwera ku holide, amaphunzira za mphamvu ya magetsi ku Mzuni. Anawerenga lipoti lanu lija n'kundiuza kuti amalume, izi anapangira mu HOMER, pulogalamu imene inayambira ku NREL, malo a kafukufuku wa za mphamvu ku America, imayerekezera ola ndi ola maola onse 8,760 a pachaka, ndipo ilibe vuto, imangoyankha zimene munthu waifunsa. Ndiye anandilozera ndi chala, pa mndandanda wa zipangizo pali mapanelo, pali inveta, pali gridi, kutanthauza magetsi a ESCOM, pa batire palibe kanthu. Ndipo gridi yakeyo munaisiya ngati yosathima ngakhale ola limodzi chaka chonse, chikhalirecho pulogalamuyo ili ndi malo olembapo kuti magetsi amathima kangati komanso amatenga nthawi yaitali bwanji kuti abwere. Ukachotsa batire mtengo umagwa kwambiri, ndalama zimaoneka ngati zibwerera msanga, popeza kompyuta ikuganiza kuti dzuwa likachepa gridi ilipo nthawi zonse. Zoterozo mwina n'zoona kwina, koma inu mumakhala m'Malawi momwe muno, munalipo mu 2022 namondwe Ana ataononga Kapichira dziko n'kutaya pafupifupi mamegawati (MW) 130 a magetsi, munaona mmene tinakhalira mu mdima.

Chondipweteka kwambiri ndi inveta. Mwanayu wandifotokozera kuti imene munandiikira ndi ya grid-tie, ndipo mtundu umenewu unapangidwa dala kuti uzizima gridi ikathima, kuopa kubweza moto mu mawaya n'kupha munthu amene akukonza pa pholo. Chimenecho n'chabwino, palibe angatsutse. Koma ndiye kuti munkadziwa kuyambira tsiku loyamba kuti ola lenileni limene ine ndikufuna sola ndi limene sola yanuyo imagona. Munthu wa ntchito imeneyi sangalephere kudziwa zimenezi, ndiye n'chifukwa chiyani mnyamata wanu anati masana mafiriji aziyendera dzuwa?

Musandiuze kuti batire n'zachikale kapena n'zosafunika. Aliyense wodzera msewu wa Golomoti pobwera ku Monkey Bay amadziwa za sola ya 20 MW ili kumeneko, ndipo anaiikira mabatire akuluakulu osunga moto wokwana 10 MWh, anthu a ndalama zawo ndi mainjiniya awo anaona kuti kusunga moto n'kofunika, nanga ine wa mafiriji atatu a nsomba zosachedwa kuola? Ndikanakonda mukanandionetsa mapepala awiri, ina ya batire ina yopanda batire, n'kundiuza kuti iyi ndi yodula koma nsomba zipulumuka, iyi ndi yotchipa koma magetsi akathima mwathima nawo. Ndikanasankha ndekha, mwina ndikanayamba ndi mapanelo ochepa n'kugula batire.

Ndiye zimene ndikufuna ndi izi. Mubwere ndi laputopu yomweyo pa benchi lomwelo, mwanayu alipo mpaka holide ithe, muyatse batire mu pulogalamuyo tonse tikuona, mulembemo kuti kuno magetsi amathima, mulembemonso moto weniweni umene mafiriji amadya nyengo yotentha ino osati wongoganizira, chifukwa October ndi November kuno kompuresa siipuma. Ndipo musadzandibweretsere batire yaing'ono kuti mungonditseka pakamwa, ndauzidwa kale kuti ya lead-acid sufunika kuitsitsa kupyola theka ndipo kutentha ngati kwa kunyanja kuno kumaifupikitsa moyo, ndiye muwerengere zonsezo, mundiuzenso mtengo wa lithium ndifanizire. Inveta ija muichotse muike ya hybrid, yotha kuyendera batire magetsi akathima, ndalama ya yakaleyo muichotsere pa mtengo watsopano popeza kulakwitsa kunali kwanu. Ngati simungathe nenani, mudzatsitse katundu wanu mundibwezere zanga ndikapeze ena.

Ma risiti ndili nawo, lipoti ndili nalo, mauthenga a mnyamata wanu sindinafufute. Ndikudikira mpaka Lachisanu, kupanda kuyankha Lolemba ndikalemba kalata ku MERA, bungwe loyang'anira za magetsi, ndi ku CFTC, bungwe loteteza ogula.