Zikomo posamalira Amayi athu ku Manchester

Kwa oyang'anira nyumba yosamalira okalamba,

Ndalemba m'Chichewa dala, poti ndicho chilankhulo chimene Amayi atsala nacho. Chingelezi chinawathawa matenda oiwalaiwalawa atakula. Mwana wanga akumasulirani.

Tsiku limene tinabwera nawo kwanu ndinalibe chiyembekezo, chifukwa kumene anali poyamba tinaona zokhoma. Dzuwa likangopendeka, Amayi ankayamba kuyendayenda, kugwedeza zitseko, ati achedwa ku ntchito. Kumeneko yankho lake linali mankhwala ogonetsa, moti tinkawapeza ali zyoli pampando masana onse. Tsiku lina m'nyengo yachisanu anatuluka opanda juzi, apolisi n'kukawapeza pamalo okwerera basi akunjenjemera. Ogwira ntchito kumeneko anandiimbira foni mochedwa, akulankhula ngati wolakwa ndine. Ndikafunsa, aliyense ankangoti sanali pa ntchito tsikulo. Ndipo kukanakhala kumudzi kwathu, mayi wokalamba wopezeka akuyenda yekha usiku ena akanamunena kuti ndi mfiti. Ndikaganiza zimenezi mtima umandiwawa.

Kwanu zamapepala zinayenda msanga, ndipo munatithandiza kulemba fomu ya Herbert Protocol, ija imathandiza apolisi kudziwa koyambira kufufuza munthu akasowa. Kwina kuja palibe anaitchulapo.

Koma amene ndikufuna mumudziwe ndi mtsikana wogwira ntchito madzulo uja. Anakhala nane pansi n'kundifunsa: kodi Amayi akamafuna kutuluka, amati akupita kuti? Palibe anali atandifunsapo zimenezi. Ndinamufotokozera kuti anali namwino pa Queen Elizabeth ku Blantyre asanabwere kuno mu 2002, ndipo zaka zambiri ankagwira usiku. Mawa lake anawapezera kabuku ndi cholembera. Tsopano nthawi ija ikakwana sawatsekereza. Amawagwira mkono n'kunena kuti "Tiyeni, Amayi", mawu amene anandipempha ndimuphunzitse, ndipo amazungulira limodzi m'makonde mpaka kumaluwa kuseri, Amayi akusuzumira m'zipinda ngati ali mu wodi, akulemba zawo m'kabukumo. Akatopa amakhala pansi okha n'kumwa tiyi.

Lamlungu ndinawaona ndi maso anga. Amayi anali chilili, phewa mmwamba, monga ndinkawaonera ndili mwana. Ndinalira.

Mtsikanayu alibe udindo waukulu, koma ena a maudindo amene ndinalimbana nawo chaka chatha akanabwera kudzamuona mmene amagwirira ntchito. Chonde mumuuze pamaso pa anzake kuti banja lathu lathokoza.

Ine,
Mwana wawo woyamba