Tiwapatse malo ana opanga magalimoto a mawaya

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi abale kumudzi kudzera m'nyuzipepala yathuyi. Agogo anga anachoka ku Dedza kudzagwira ntchito kuno ku Harare, ku Zimbabwe, mzindawu ukadatchedwa Salisbury, ndipo ine ndinabadwira ku Mbare, dera la mumzinda womwewu. Ntchito yanga ndi yowotcherera zitsulo. Chaka chino bungwe lina la zaluso linanditenga kuti ndikakhale ndi amisiri anzanga kwa kanthawi. Anatipatsa chipinda, chakudya ndi kandalama kochepa, n'kutiuza kuti aliyense apange chimene chili kumtima kwake.

Zipangizo sitinkagula m'sitolo. Tinkalawirira ku Siyaso, msika wa ku Mbare komwe mumapeza chilichonse chakutha: maloko opanda makiyi, masipoko a njinga, zitsulo za mabedi. Tikabwera nazo, tsiku lonse linkathera kutsuka ndi kusankha, zofiira pazokha, zakuda pazokha. Ine ndinapanga nkhope ya agogo anga aakazi. Maso ndinaika zivindikiro za mabotolo, duku ndi thumba la ufa long'ambika, ndipo imvi ndi mawaya a mabuleki a njinga amene ndinkamasula limodzilimodzi mpaka zala kuchita matuza. Pulasitiki salola kuwotcherera pachitsulo, ndiye umaboola ndi kumanga ndi waya, kabowo kalikonse pakokha. Dzimbiri la pamasaya sindinalipale dala, chifukwa ndi lomwe linabweretsa makwinya awo. Azakhali atabwera kudzaona anangogwira pakamwa, amvekere, "Awa ndi amayi."

Musaganize kuti ndi masewera. Moffat Takadiwa, mmisiri wa konkuno, amaluka mabatani a kompyuta, miswachi yakutha ndi zivindikiro kukhala zinthu zikuluzikulu zopachika kukhoma, ndipo mu 2024 anali m'gulu loimira Zimbabwe pa chionetsero chachikulu cha zaluso cha ku Venice, ku Italy. Malo amene amagwirira ntchito, Mbare Art Space, kale anali holo yomwera mowa ya nthawi ya atsamunda. Komanso ku Tengenenge, mudzi wa osema miyala kuno ku Zimbabwe, kumene ntchito yosema miyala inayamba mu 1966, ena mwa osema oyambirira anali Amalawi ogwira ntchito m'minda ya fodya. Luso lili m'magazi mwathu, chimene chimatisowa ndi malo.

Chimene chikundiwawa n'chakuti mwana akamapinda waya kupanga galimoto, matayala ake a zivindikiro kapena a patapata wakutha, ife akuluakulu timamukalipira kuti akutola zauve. Mwana ameneyo watha kale kuyang'ana chinthu chotayidwa n'kuonamo china, ndipo limeneli ndiye phunziro lovuta kwambiri pa ntchito yonseyi. Ine ndinalitola ndili wamkulu kale.

Choncho ndikupempha makhonsolo ndi mipingo ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu: paliponse pamene pali nyumba yongokhala, tsegulirani achinyamata aluso kwa miyezi iwiri kapena itatu. Muikemo tebulo, madzi, pulayala, chobowolera ndi mmisiri mmodzi wodziwa. Pamapeto pake muitane anthu adzaone ndi kugula. Ndipo amayi ndi anyamata otola zinthu kudzala azilipidwa mtengo woyenera, mayina awo azilembedwanso pa chionetsero, pakuti popanda iwo mmisiri alibe choyambira.

Ine wanu,
Wowotcherera zitsulo,
Mbare, Harare