Mtengo wa dola ndi mantha ndi zomwe zimasankhira anthu a ku Argentina kokasambira

A Mkonzi,

Tiloleni tiikepo mlomo pa nkhani ya mphamvu ya ndalama, yomwe ambiri amaimva movutikira ikamakambidwa ndi manambala okhaokha. Ku Argentina nkhaniyi imaoneka ndi maso mwezi wa Januwale uliwonse, pomwe mabanja amamanga katundu kupita kugombe la nyanja yamchere. Mukaona komwe galimoto zalowera, kaya kummwera ku Mar del Plata, mzinda wa kugombe la dziko lawo, kapena kumpoto ku Brazil, mwadziwa kale mmene peso, ndalama ya dzikolo, ilili chaka chimenecho.

Kumeneko kumatentha kuyambira Disembala mpaka Febuluwale, sukulu zili zotseka, ndipo mwambo wawo ndi wochita lendi nyumba ya kugombe kwa theka la mwezi. Banja la ku Buenos Aires likafuna kukhala m'dziko mwawo limatenga msewu wa Ruta 2, ulendo wa makilomita pafupifupi 400 kukafika ku Mar del Plata, kapena limapatukira ku Pinamar ndi ku Villa Gesell. Punta del Este, ku Uruguay, ndi ya anthu opata, pakuti kumeneko lendi amatchula m'madola. Anthu a ku Mendoza amangodutsa mapiri a Andes n'kutsikira ku Viña del Mar ndi Reñaca m'dziko la Chile, chifukwa gombe limenelo lili pafupi nawo kuposa la dziko lawo. Koma mpikisano weniweni uli pakati pa Mar del Plata ndi chigawo cha Santa Catarina ku Brazil: Florianópolis, Bombinhas, Balneário Camboriú. Uko n'kutali, makilomita oposa 1,700, ndipo basi imayenda usana ndi usiku osafika. Komabe madzi ake ndi ofunda, pamene a ku Mar del Plata amangozungulira madigiri 20 ngakhale pakati pa Januwale, mphepo ili kuu. Mtima wa ambiri umakhala uli ku Brazil chaka chilichonse. Chomwe chimasintha ndi thumba.

Nayi masamu yake. Mu Disembala 2023, boma la Pulezidenti Javier Milei litangolowa, linagwetsa peso kuchoka pa 366 kufika pa 800 pa dola imodzi. Kenaka linaigwira kuti izitsika ndi 2 peresenti yokha pamwezi. Mitengo ya zinthu siinadikire: m'chaka cha 2024 inakwera ndi pafupifupi 118 peresenti, pomwe dola ya kubanki inangochoka cha m'ma 810 kufika cha m'ma 1,030. Tiyerekeze mbale ya nyama yomwe inali mapeso 8,100 kumayambiriro kwa chaka, omwe anali madola 10. Ikatsatira kukwera kwa mitengo, pofika Disembala ili pa mapeso oposa 17,600, omwe ndi madola 17. Mbale ndi yomweyo, nyama ndi yomweyo. Nthawi yomweyonso ndalama ya ku Brazil, real, inkagwa: chaka chinayamba dola ili pansi pa 5 ndipo chinatha itapitirira 6, mitengo ya zinthu kumeneko itakwera ndi 5 peresenti yosakwana n'komwe. Mbale ya madola 10 ya ku Florianópolis inatsika kufika pansi pa madola 9. Munthu wa pantchito yokhazikika, yemwe malipiro ake ankakwezedwa m'mapeso, anapezeka ali ndi madola ochuluka m'manja popanda kulemera ngakhale pang'ono kwawo. Zotsatira zake zinaoneka mu Januwale 2025, pomwe mizere ya galimoto pachipata cha Paso de los Libres, cholowera ku Brazil, inkatenga maola ambirimbiri.

Izi sizinayambe ndi Milei. Lamulo la mu 1991 linamanga ndalama ya dzikolo pa dola, peso imodzi n'kukhala dola imodzi kuyambira 1992, ndipo real itagwa mu Januwale 1999 anthu a ku Argentina anasefukira ku Brazil. Lamulolo litatha mu Januwale 2002 zinthu zinatembenuka: anthu anabwerera kumagombe a kwawo, ndipo alendo ochokera kunja ndi omwe anayamba kudzadya zotchipa ku Buenos Aires.

Pali chinanso chomwe chimakweza mtengo wa tchuthi cha kwawo. Ku Mar del Plata mbali yaikulu ya mchenga ili m'manja mwa amalonda omwe amamanga timatenti m'mizere n'kumachititsa lendi pa tsiku, pa theka la mwezi kapena pa nyengo yonse. Chifukwa cha mphepo ija, banja la ana aang'ono silingakhale tsiku lathunthu popanda pobisala, ndiye lendi ya tenti imakhala ngati ya nyumba yachiwiri. Ku Brazil mchenga ndi wa aliyense. Mpando ndi ambulera umabwereka kwa wogulitsa zakumwa, nthawi zambiri pamtengo wochepa ukamamugula.

Koma mtengo wa dola wolembedwa m'nyuzipepala si womwe wapaulendo amalipira, ndipo apa ndi pomwe ambiri amapsa zala. Kuyambira Okutobala 2019 munthu ankaloledwa kugula madola 200 okha pamwezi kubanki. Mu Disembala chaka chomwecho kunabwera msonkho wa PAIS wa 30 peresenti pa chilichonse chogulidwa kunja ndi khadi, ndipo pamwamba pake anadzaikanso ndalama ina yodulidwiratu ngati msonkho wa phindu. M'chaka cha 2024 ziwirizi zinkakwana 60 peresenti: bilu ya hotela ya madola 100 imafika kunyumba ngati madola 160. Msonkho wa PAIS unatha mu Disembala 2024, n'kutsala 30 peresenti inayo. Lamulo linkalola kuti munthu akaitanitse 30 peresentiyo kubungwe lotolera misonkho, koma chaka chitatha, ndalamayo itadyedwa kale ndi kukwera kwa mitengo.

Odziwa zinthu ankazemba izi mosaphwanya lamulo. Choyamba, ankagula madola kudzera kumsika wa zikalata za ngongole ya boma: kugula chikalata ndi mapeso, kuchigulitsa ndi madola, ndalamayo n'kulowa mu akaunti ya madola. Chachiwiri, ankauza banki kuti isadzidulire yokha ngongole ya khadi. Chachitatu, tsiku lolipira lisanakwane, ankabweza gawo la madola ndi madola omwewo. Woiwala chachiwiricho ankapeza banki itadula kale mapeso pamodzi ndi msonkho wonse. Ena ankapita kwa osintha ndalama a mumsewu wa Florida ku Buenos Aires kukagula dola ya pamsika wozembera. Kumeneko kuli misampha yake: ndalama zachinyengo, komanso chizolowezi chogula motsika pepala lakale la madola 100, ngakhale ku America likugwirabe ntchito. Masiku ano ambiri akafika ku Brazil amalipira ndi Pix, njira ya pafoni yomwe banki yaikulu ya dzikolo inakhazikitsa mu 2020, kudzera m'mapulogalamu omwe amasintha mapeso kukhala real pomwepo. Ngakhale wogulitsa chimanga chophika pamchenga amalandira. Mu Epulo 2025 boma linachotsa malire a madola 200 aja kwa anthu wamba, zomwe zinapeputsa zonsezi.

Ndalama ikasankha dziko, mantha amasankha gombe. Ku Argentina anthu ophedwa ndi anzawo amakhala pafupifupi 4 pa anthu 100,000 aliwonse pachaka, pomwe ku Brazil chiwerengerocho chili cha m'ma 20. Koma Brazil ndi wamkulu, ndipo Santa Catarina ndi chimodzi mwa zigawo zabata kwambiri m'dzikomo. N'chifukwa chake banja la ana limaima ku Canasvieiras kapena ku Ingleses, magombe a ku Florianópolis, komwe mu Januwale Chisipanishi, chiyankhulo cha ku Argentina, chimamveka paliponse, osapitirira ku Rio de Janeiro. Ku Rio anthu amaopa magulu a anyamata omwe amathamanga pagombe n'kumatsomphola mafoni ndi zikwama, amaopa wogulitsa yemwe amalemba ziro woonjezera pamakina a khadi, komanso amaopa mapu a pafoni. Mapu amangofuna njira yachidule; sadziwa kuti msewu uwu ukulowa m'dera lolamulidwa ndi zigawenga zamfuti, ndipo alendo ena anaomberedwapo m'galimoto mwanjira imeneyi. Ofuna chigawo cha Rio ambiri amatsika ndege n'kulunjika ku Búzios, tauni ya kugombe kunja kwa mzindawo.

Kwawo nakonso sikuli kwa angelo. Chaka chilichonse chigawo cha Buenos Aires chimatumiza apolisi ochuluka kugombe pa ntchito yotchedwa Operativo Sol, chifukwa mbava zimatsatira khamu ndipo zimathyola nyumba za lendi eni ake ali kumadzi. Mu Januwale 2020, ku Villa Gesell, gulu la anyamata linamenya mpaka kupha mnyamata wa zaka 18 kunja kwa malo ovinira. Mu 2023 khoti la ku Dolores linalamula asanu kukhala kundende moyo wawo wonse ndipo atatu zaka 15. Mlandu umenewu unagwedeza dziko lonse, ndipo makolo ambiri anayamba kuganiza kawiri asanalole ana awo kupita okha kutchuthi.

Chomwe chimatiwawa n'chakuti mantha ambiri amapita kumfuti, pomwe zomwe zimaononga maulendo ambiri ndi zinthu zosatchuka. Msewu ndi woyamba. Wochokera ku Buenos Aires amakwera ndi Ruta 14, kuwoloka mtsinje wa Uruguay kulowa ku Uruguaiana, kutenga BR-290 mpaka kupitirira Porto Alegre, kenaka BR-101 kulowera kumpoto. Mbali yaikulu ya BR-290 ndi ya mzere umodzi uku ndi uku, yodzaza malole. Woyendetsa yemwe wataya maola pachipata amafuna kubweza nthawi, amayendetsa usiku wonse kuti asalipire pogona, ndipo ngozi imam'peza akupitirira lole m'bandakucha. Ulendowu ndi wa masiku awiri, ndipo pogona pa usiku umodziwo payenera kuwerengedwa m'bajeti. Pachipata pamafunika chiphaso cha unzika cha aliyense, khadi la galimoto, inshulansi ya m'maiko a Mercosur (mgwirizano wa zamalonda wa maiko a m'deralo) yotchedwa Carta Verde, ndi chilolezo cholembedwa cha kholo lomwe latsala ngati mwana akuyenda ndi kholo limodzi. Pepala limodzi likasowa, banja lonse limabwerera.

Chachiwiri ndi madzi. Mu Januwale 2023, komanso mu Januwale 2025, matenda otsekula m'mimba anagwira anthu ambiri ku Florianópolis. Mipope ya zonyansa siinamangidwire khamu la nyengo yotentha, ndipo mvula ikagwa zonyansazo zimatsikira m'timitsinje tolowa m'nyanja. Bungwe loona za chilengedwe m'chigawocho limayeza madzi n'kuika zikwangwani zosonyeza poyenera ndi posayenera kusamba. Langizo lake ndi losavuta: osasamba pafupi ndi pothira mtsinje, ndipo osalowa m'madzi tsiku lotsatira mvula yamphamvu. Mbendera yofiira ya opulumutsa anthu nayo si yokongoletsa. Imaikidwa pomwe madzi amakokera munthu kukati.

Chachitatu ndi akamberembere a nyumba za lendi. Amatenga zithunzi za nyumba yeniyeni, kuziika pa Facebook pamtengo wotsika, n'kuuza munthu kuti atumize chikole lero chifukwa ena akuifuna. Banja limafika litatopa n'kupeza mwini wake sakudziwa kanthu. Vutoli limakula chaka chomwe aliyense akuthamangira malo amodzi.

Tisaiwale omwe amatsala. Mar del Plata ndi mzinda womwe mahotela a mabungwe a ogwira ntchito anakula kuyambira nthawi ya Pulezidenti Juan Perón, ndipo operekera zakudya, oyeretsa zipinda ndi ogulitsa pamchenga amadalira miyezi iwiri kuti adye chaka chonse. Peso ikagwiridwa mitengo ikuthamanga, makasitomala awo amakadyera ku Brazil, ndipo madola omwe dziko likuwasowa pobweza ngongole amatuluka nawo.

Kuno kwathu kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mwezi umodzi peso isanagwe, ndipo kuyambira mu 2024 mtengo wa kubanki unakhala cha m'ma K1,750 pa dola imodzi pomwe mitengo ya zinthu inkakwera ndi pafupifupi 30 peresenti pachaka. Mlendo wolipira ndi khadi ku Mangochi, ku Salima kapena ku Nkhata Bay amasinthiridwa pamtengo wa kubanki, ndiye masamu a mbale ya nyama ija amamugwira chimodzimodzi. Pempho lathu, a Mkonzi, ndi lakuti atolankhani anu akamalemba za alendo obwera kunyanja, azifunsa eni malo ogona mtengo wa chipinda ndi wa mbale ya chambo, n'kutiuza kuti ndi madola angati kubanki chaka chino poyerekeza ndi chatha.

Owerenga nyuzipepala yanu,
Lilongwe