Za akhwangwala a mchira wautali a ku Sheffield

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno kwazizira zedi, ndipo Disembala uno dzuwa likumalowa 4 koloko isanakwane.

Mbalame ija ndinakutumizirani pa WhatsApp, imene munati ndi khwangwala wovala suti, kuno amaitchula magpie. Simunaphonye, ndi pachibale ndithu ndi khwangwala wathu. Kungoti iyi ndi yocheperako thupi, ndipo mchira wake ndi wautali, wonyezimira mobiriwira dzuwa likauwomba.

Munafunsa ngati zimasamuka monga anamzeze, amene amathawa chisanu cha kuno n'kupita kum'mwera kwa Africa. Inenso poyamba ndinkaganiza kuti za m'chisanuzi ndi zobwera, chifukwa mu Epulo ndinkaona ziwiri zokha kuseri kwa nyumba, koma dzana madzulo ndinawerenga 23 zikulowa m'zitsamba zaminga kukagona. Ayi, sizipita kutali. Ziwiri zija ndi banja, zili ndi malo awo, ndipo zimawateteza chaka chonse. Gulu lalikululo makamaka ndi ana a chaka chino ndi ena amene sanapeze malo omangapo chisa. Mbeta ndi anyamata opanda munda, tinene choncho! Masana zimabalalika kukasaka chakudya, madzulo zimasonkhana, phokoso ngati pamsika wa Limbe.

Zosangalatsa zimayamba chisanu chikamatha, cha mu Febuluwale ndi Malichi. Ziwiri za m'gulu zimalimba mtima n'kukatera pakati pa malo a eni ake. Eniwo akayamba kuzithamangitsa, zinzake zimakhamukira pamtengo womwewo kudzaonerera. Azungu amati ndi nyumba ya malamulo ya mbalame, koma ine ndimaona mlandu wa malire basi, wopanda mfumu woweruza. Katswiri wa mbalame Tim Birkhead anazifufuza zaka zambiri m'chigwa cha Rivelin, konkuno ku Sheffield.

Zikatero gulu limachepa. Zokwatirana zimamanga chisa cha timitengo chokhala ndi denga, m'kati zimamata dothi, ndipo yaikazi imaikira mazira asanu mpaka asanu ndi atatu. Pofika Juni mumaona ana a michira yaifupi akulondola makolo pakapinga. Ambiri mwa iwo safika chaka.

Musaseke, anthu ena kuno akaona magpie imodzi yokha amaipatsa moni, ati kupewa tsoka. Ndiye asamatinene ife za kadzidzi.

Kumapeto kwa Januwale bungwe loteteza mbalame kuno la RSPB limapempha anthu kuwerenga mbalame za pakhomo pawo kwa ola limodzi, ndipo ulendo uno ndilemba nawo. Nanga kumeneko mvula yagwa bwanji? Mwadzala kale? Mundiuze ngati akhwangwala akufukulabe mbewu kumunda wa kudambo uja.

Mupereke moni kwa mayi.

Ndine mnzanu wa ku Sheffield