Malipiro a ku Joni musamawawerenge mu kwacha

Akonzi,

Ndipatseniko mpata m'nyuzipepala yanu ndilankhule ndi abale anga kumudzi, makamaka anyamata a ku Mangochi, Machinga, Mzimba ndi Nkhata Bay amene akugulitsa mbuzi, njinga, ena mpaka malo, kuti apeze ya basi ya ku Joni. Ndine mmodzi mwa Amalawi amene tikugwira ntchito kuno ku Johannesburg, ndipo sindikulemba kuti ndiletse munthu kubwera. Chandivuta ine ndi masamu amene timachita tonse, a kuno ndi a kumudzi omwe, tikafuna kudziwa kumene moyo uli wotchipa.

Munthu amafunsa kuti ku Joni amalandira zingati. Akamva, amatenga foni n'kuchulukitsa ndi mtengo wa randi wa tsikulo, ndipo ikatuluka nambala ya maziro ambiri amagwira pakamwa. Lamulo la dziko lino linati kuyambira pa 1 Malichi 2025 wantchito asalandire zochepera R28.79 pa ola. Wogwira maola 45 pa sabata ndiye kuti pamwezi ankapeza pafupifupi R5,600. Pa mtengo wa kubanki imeneyi ndi ndalama yoposa K500,000, ndipo pa mtengo wa mumsewu, umene aliyense amaudziwa ngakhale sitiutchula pagulu, ikhoza kuwirikiza. Kumudzi malipiro otsikitsitsa anawakweza kufika pa K90,000 pamwezi mu 2024, ndipo ngakhale anawonjezerako pambuyo pake, sanafike ndi theka lomwe la ndalama ija. Ndani angaike nambala ziwirizi pamodzi osayamba kufunsa za pasipoti?

Vuto ndi lakuti kwacha zimenezo palibe amene amazigwira. Mwini nyumba wa ku Diepsloot kapena ku Mayfair safuna kwacha, amafuna marandi, ndipo amawafuna pa 1. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Ndalama ya munthu wa ku Joni ndi imene yatsala mwezi ukatha, osati imene abwana amutchulira.

Ndisaname, pali zinthu zimene kuno n'zotchipadi, ndipo chachikulu ndi chakudya cha m'sitolo. Njira yabwino yoyezera si kusintha ndalama ayi, koma kufunsa kuti munthu agwire ntchito nthawi yaitali bwanji kuti agule chinthucho. Ufa wa makilogalamu 10 ku Shoprite kapena ku Boxer umagulidwa ndi thukuta la theka la tsiku. Wa makilogalamu 50 sungakudyere masiku atatu. Tsono kumbukirani miyezi yoyambirira ya 2025, chilala cha El Niño chitawononga mbewu mpaka boma kulengeza za ngozi m'maboma 23 mwa 28: thumba limodzi la chimanga chosagaya linayandikira malipiro a mwezi wathunthu a mlonda kapena wantchito wa m'nyumba. Mafuta ophikira, shuga, sopo, buledi ndi nkhuku n'chimodzimodzi. Shuga amene timalima tokha ku Nchalo ndi ku Dwangwa amavuta kumugula ku Blantyre kuposa mmene shuga amavutira kuno. Choncho amene amati kumudzi zinthu n'zotchipa sanapite kumsika wa Limbe ndi ndalama ya ganyu m'thumba. Pa nkhani ya mimba, Joni amapambana, ndipo n'chifukwa chake mabasi sasiya kudzaza pa Mwanza ndi pa Dedza.

Koma munthu sakhala ndi ufa wokha. Chimene chimadya ndalama kuno ndi zinthu zimene kumudzi sitiziwerengera n'komwe chifukwa sitinazilipirepo chibadwire.

Denga ndiye loyamba kuluma. Kachipinda kamodzi kuseri kwa nyumba ya munthu, chimbudzi ndi mpopi zogawana ndi mabanja ena angapo, m'madera ambiri mwakonzeka kulipira R1,500 kapena R2,000. Amene akufuna kuchepetsa amapanikizana anayi kapena asanu m'chipinda chimodzi, kapena amalowa m'kanyumba ka malata okhaokha, khoma malata denga malata, kamene m'chilimwe kamawotcha ndipo mu Juni kamazizira kufika m'mafupa. Anthu a kumudzi saidziwa mphepo ya Johannesburg. Mzindawu uli pamwamba kwambiri, mamita oposa 1,700, ndipo m'mawa wa Julaye udzu umayera ndi chisanu. Chotenthetsera m'nyumba chimamwa mayunitsi a magetsi mosaneneka, magetsinso akukwera chaka ndi chaka, mu 2023 mokha kampani ya magetsi ya Eskom inaloledwa kukweza ndi 18.65 peresenti. Osauka amathawira ku palafini ndi makandulo, ndiye nyengo yozizira iliyonse timamva za moto umene wapsereza tinyumba tambirimbiri usiku umodzi. Nkhuni zotola kulibe. Ndiwo zamasamba za kuseri kwa nyumba kulibe. Bonongwe ndi chisoso zimene kwathu zimangomera zokha, kuno ukazipeza kwa amayi ogulitsa m'mbali mwa msewu umazigula ndi ndalama, ndipo usipa kapena bonya wobwera pa basi amagulitsidwa ngati mankhwala.

Ntchito nayo sikhala pafupi ndi kumene osauka amagona. Mzinda uno unamangidwa m'nthawi ya tsankho, akuda kutali, mabwana kwina, ndipo mpaka lero wantchito wa m'dimba la ku Sandton kapena ku Fourways amakwera taxi ziwiri popita, ziwiri pobwera. Ikafika pa 30 mupeza kuti ya mayendedwe yokha yadutsa R1,000. Chotsani lendi, chotsani taxi, magetsi, chakudya, ma unitsi a foni. Pa R5,600 paja mwina patsala R1,000, ngati mwezi umenewo simunadwale ndipo simunaberedwe.

Ndipotu R28.79 ija ndi ya papepala. Ambiri mwa ife tilibe chilolezo chogwirira ntchito. Mmalawi amaloledwa kulowa dziko lino masiku 30 ngati mlendo, basi. Anzathu a ku Zimbabwe ndi ku Lesotho anapatsidwako zilolezo zapadera, ife ayi. Wopyola masiku ake akamatuluka amaletsedwa kubweranso, nthawi zina mpaka zaka 5, ndipo wogwidwa amakathera ku Lindela, ku Krugersdorp, kudikira tsiku lomubweza. Munthu wotere sangatsutsane ndi abwana pa za malipiro. Akapatsidwa R150 pa tsiku amalandira ndi manja awiri. Sangatsegule akaunti kubanki, choncho ndalama amasunga m'thumba kapena pansi pa matiresi, ndipo akuba amadziwa bwino lomwe kuti Lachisanu lomaliza la mwezi Amalawi ayenda ndi ndalama. Palinso kamsonkho kosalembedwa kamene wopanda mapepala amapereka m'njira kuti asakwezedwe galimoto. Zonsezi ndi mtengo wa moyo wa kunja, ngakhale simudzazipeza pa risiti iliyonse. Mantha sindikuwawerengera, chifukwa sindidziwa kuti ndingawaike pa marandi angati: anthu 62 anaphedwa pa zipolowe zodana ndi alendo mu 2008, mu 2015 boma lathu linachita kutumiza mabasi kudzatenga anthu ku Durban, ndipo mu 2025 a gulu lodana ndi alendo la Operation Dudula ankaima pa zipata za zipatala za boma kubweza alendo. Wobwezedwa pachipata amapita kwa dokotala wolipira, ndipo kungoonana naye kokha ndi ndalama ya masiku awiri kapena atatu.

Chodula kuposa zonse ndi kusowa abale. Kumudzi mwana amasiyidwa kwa agogo ake, kwa azakhali, ngakhale kwa aneba, mayi n'kupita kumsika. Kuno wosunga mwana amalipidwa pamwezi, n'chifukwa chake ambiri amatumiza ana kumudzi akangosiya kuyamwa. Kumudzi ukadwala pali wokuphikira phala. Ntchito ikatha umabwerera kumunda, sugona ndi njala tsiku lomwelo. Kuno ntchito ikatha pa 15, pa 1 katundu ali panja. Nanga maliro? Kwathu mudzi wonse umasonkha, wina ufa, wina nkhuni, adzukulu akumba manda. Munthu akamwalira kuno, kunyamula thupi kudutsa Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka kukafika kwawo kumafuna ndalama yoposa malipiro a miyezi ingapo, kuphatikizapo mapepala a malire atatu. N'chifukwa chake pafupifupi aliyense ali m'gulu la maliro la anthu a kwawo, ndipo amasonkha mwezi ndi mwezi. Sabata siitha pa WhatsApp osabwera uthenga wopempha R50 kapena R100 ya m'bale amene watisiya.

Tsono pa kotsala kaja ndi pamene pali khomo lachiwiri. Munthu wa kunja salipira moyo wa dziko limodzi, amalipira wa maiko awiri nthawi imodzi. Feteleza akakwera ku Malawi, foni imalira ku Joni. Fizi ya mlongo wake ku sekondale, mankhwala a amayi amene kuchipatala auzidwa kuti akagule okha, malata amene mphepo yasasula, zonse zimadza kwa iye. Kwacha itagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ena anatiyimbira kuti mwalemeratu inu, randi yanu yakula. Inakuladi, koma kwa masabata ochepa. Simenti, feteleza ndi mafuta a galimoto zimagulidwa kunja, choncho mitengo yake inathamangira komweko, ndipo R1,000 imene inkagula matumba angapo a simenti inapitiriza kugula omwewo kapena ochepera. Choipa china n'chakuti mitengo ya m'masitolo a kumudzi imatsatira dola ya mumsewu, pamene ndalama yotumizidwa mwalamulo, pa Mukuru kapena kubanki, imasinthidwa motsatira mtengo wovomerezeka. Ndiye mukadabwa kuti bwanji anthu amapatsira ndalama madalaivala ndi amalonda m'malo modzera njira zoyenera, yankho lake ndi limenelo. A Reserve Bank akamadandaula za kusowa kwa ndalama zakunja aziyang'anako kumeneku.

Ndimaganiza kuti chithunzi cha Joni chimene tili nacho m'mutu tinachitengera kwa agogo athu a nthawi ya Wenela ndi Theba. Iwo ankabwera ndi njinga, wailesi, mabulangete ndi sutikesi yachitsulo, mudzi wonse n'kusonkhana. Timaiwala kuti iwo sankalipira lendi kapena taxi. Ankagona m'makomponi a mgodi, kudya za kampani, ndipo gawo lina la malipiro awo linkasungidwa kuti akalandirire kumudzi. Unali moyo wowawa, wa anthu otsekeredwa, ambiri anabwerako ndi chifuwa chosatha. Koma masamu ake anali osiyana ndi a lero. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Amalawi oposa 100,000 ankagwira m'migodi ya kuno. Ndege itagwa ku Francistown mu Epulo 1974 n'kupha Amalawi oposa 70, Kamuzu analetsa kulemba anthu. Zinadzayambiranso pang'ono, n'kutheratu cha mu 1988 pa mkangano wa kuyeza magazi. Kuchokera pamenepo aliyense amabwera payekha, wopanda kontirakiti, wopanda wom'bweza kwawo, koma akuyembekezeredwa kufika ndi katundu ngati agogo aja. Ena amene timawatcha matchona sikuti anaiwala kwawo. Akuchita manyazi kutsika basi pa Wenela ku Blantyre ali ndi kachikwama kamodzi.

Ife a kuno tili ndi mbali yathu pa bodzali. Timajambulitsa titatsamira galimoto ya abwana, timabwera pa Khirisimasi ndi nsapato zatsopano zogula pa ngongole, ndipo palibe amene amajambula chipinda chimene amagona. Anzathu a ku Britain amene akusamalira okalamba amatiuza zofanana: paundi ndi yaikulu ukaitumiza, koma lendi, msonkho wa khonsolo ndi gasi wotenthetsera nyumba zimaimaliza isanafike pa foni, ndipo kuyambira mu Malichi 2024 olowa ntchito imeneyi saloledwanso kutenga mabanja awo.

Kodi ndiye kuli bwino kuti? Kwa mnyamata wosakwatira, wa thupi lamphamvu, wosamwa, wokhala ndi m'bale womulandira miyezi yoyamba, ndiponso amene wabwera ndi cholinga chimodzi chodziwika, kaya malata 30 kaya mpamba wa bizinesi, Joni ikhoza kumupatsa m'zaka ziwiri chimene ganyu wa kumudzi sangamupatse m'zaka khumi. Nyumba za malata zimene zadzaza m'midzi ina ya ku Mangochi ndi ku Mzimba ndi umboni, sindingautsutse. Koma kwa bambo wa ana anayi amene ali ndi munda wake, dimba la kudambo ndi nyumba yosalipira, kugulitsa zimenezo kuti adzakhale wa lendi kuno ndi kutaya chuma chenicheni chimene sankachiwerengera. Mphunzitsi kapena kalaliki wosiya ntchito ya penshoni kudzatsuka magalimoto ku Fordsburg aganize kawiri.

Pempho langa kwa inu Akonzi ndi ili. A Centre for Social Concern amatulutsa mwezi ndi mwezi mtengo wa zofunika pa banja m'mizinda yathu, ndipo inu mumasindikiza. Tumizani mtolankhani, kapena funsani Amalawi a ku Johannesburg, Durban ndi Cape Town, akupatseni mitengo ya lendi, taxi, magetsi, ufa ndi zosonkha za maliro, muiike pambali pa ya Lilongwe ndi Blantyre. Musaisinthe kukhala kwacha. Lembani kuti chinthu chilichonse chikufuna masiku angati a ntchito kuno, ndi masiku angati kumudzi, ndipo muisindikize m'Chichewa, isanafike Januwale pamene anyamata ambiri amanyamuka limodzi ndi obwerera ku tchuthi.

Ine wanu wowerenga,
Mmalawi wa ku Mayfair, Johannesburg